Chitsime Anakumba Malemu

Lachiwiri, 4 Juni
Mdzukulu wanga wa ku yunivesite wabwera ndi anzake, ena a yunivesite ya kutsidya kwa malire. Mabotolo mbwee. Akuti akuyeza madzi a m'zitsime. Makina ali tsidyalo, odziwa zitsime ali kuno, ndiye agwirana manja. Kamnyamata kamagalasi kasuzumira m'chitsime changa n'kukwinya mphuno. Chitsime chimene anakumba malemu amuna anga ndi manja awo! Ndakauza kakanunkhize cha agogo ake. Ngakhale dontho sindinapereke. Mdzukulu wachoka osatsanzika.

Lachisanu, 7 Juni
Sopo watha. Bondo likuwawa. Amake mapasa, aneba anga, apereka madzi a pachitsime chawo, akuyenda monyada ngati apereka magazi. Mbewa, kamdzukulu kotsiriza kaja kokonda kuba shuga, mano atsopano akumera ofiira. Ndamutsina khutu, shuga ndabisa pamwamba pa kabati.

Lachiwiri, 30 Julayi
Zotsatira zabwera. Msonkhano kusukulu, ine kumbuyo, mpango mpaka m'maso. Akuti zitsime zambiri zili ndi mchere wina wa m'miyala, wosaoneka, wosamveka pakamwa. Umafiiritsa mano, umaumitsa mafupa. Mphunzitsi wa tsidyalo waonetsa zithunzi za ana a kwawo. Mano a Mbewa enieni. Iwo vutoli analiona kale, n'kupeza sefa ya makala a mafupa. Ophunzira akuno azipanga ndowa zake, kuyambira kwa amene anayezetsa. Amake mapasa akuti, "Zanu zatuluka bwanji, achemwali?" Ndayankha kuti lilime langa ndi makina okwanira. Pakamwa pangapa.

Lachitatu, 31 Julayi
Shuga ndamutsitsira Mbewa. Masiku ano akamaseka, dzanja pakamwa. Malemu nawonso msana unauma ngati mtanda wa denga, ife n'kumaloza achimwene awo zala kuti anawalodza. Mpaka lero sitipatsana moni.

Lolemba, 5 Ogasiti
Ndapita ku yunivesite, botolo la madzi a m'chitsime changa pachifuwa ngati khanda. Ya minibasi ndadula ku ya mankhwala a bondo. Makonde ataliatali, nsapato zanga kulira njira yonse. Kamagalasi kanabwerera kwawo. Galimoto ya mabotolo inapita kale, ina idzabwera mvula ikagwa. Mdzukulu sanandinyoze, bola akanandinyoza. Wangoti, "Agogo, ndikanatunga mobisa, koma munandilera kuti ndisabe."

Loweruka, 17 Ogasiti
Chitsime ndavundikira ndi chitseko chakale, mwala pamwamba. Pepani bambo. Madzi akumwa tikugula pampopi wa kumsika, wogulitsa wake nkhope ngati wameza singano. Botolo lili pawindo, madzi oyera mbee, opanda manyazi.
Mbewa dzino lina likugwedera. Mdzukulu akuti lam'munsi mwake linaumbika kale, mtundu wake sungasinthe. Ndamva. Komabe m'mawa uliwonse ndimamuyasamitsa Mbewayo ngati wogula mbuzi, n'kuyang'ana.