Ndinagwada, anandimenya theche

Lachitatu, Novembala 2006. Tsiku lonyansa.

Mlomo watupa, dzino lam'mwamba likugwedera. M'mawa ku wodi ndimapereka mankhwala kwa bambo ena okalamba a ku Aston, dera lina la mumzinda uno kuno kunja. Anakhala pampando waufupi, ndiye ndinagwada monga timachitira kwathu pamaso pa akulu. Anandimenya theche kukamwa, n'kunditukwana kuti ndibwerere kumene ndinachokera. Magazi chuchuchu pa yunifomu. Sisitala wamkulu wa wodi anangondifunsa kuti pansipo ndimafunapo chiyani.

Pa buleki, TV ya m'chipinda chathu imaonetsa nyumba ya malamulo ya kuno. Phungu wina wa tayi yonyezimira anaimirira n'kudandaula kuti manesi ochokera kunja tachuluka, anzake akuvomereza. Ine thonje lili kukamwa. Ndinalakalaka nditamukoka tayiyo mpaka maso atatong'oka, ndimugwaditse pamene ndinagwada ine, nayenso ailawe nsapato ija. Kapu ya tiyi ndinaimenyetsa kukhoma, phwa!

Mawa bambo aja ndi anganso. Mankhwala alandira ine ndili chilili. Amayi kumudzi atamva kuti mwana wawo wapatsira wamkulu chinthu choimirira angalire, koma dzino likugwederali si lawo.