Celina Ndinampeza Akupala Zikopa za Nsomba

Tsangano, Julho 2024

Okondedwa achimwene Avelino,

Ndiyamba ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana konseko ku Chidzolomondo. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tili moyo, kachewere takumba, kungoti chisanu chakula.

Achimwene, khalani pansi. Ndikulembera inu chifukwa ndinu mwini mbumba, ndipo nkhani ya mwana wanga Celina yandikulira.

Sabata yatha ndinakwera shapa, minibasi zathu zija, kupita ku Tete osamuuza, kuti ndikamuone pa shikola yake ya unamwino. Mlonda wa pakhomo anandiuza kuti Celina anasiya kurusu, maphunziro ake aja, chaka chatha. Ndinaganiza za mimba, kenako za imfa.

Mtsikana wina amene ankaphunzira naye anandiperekeza mpaka kuseri kwa merikado, msika wa nsomba. Fungo lake, achimwene, silinenedwa. Kumeneko ndinapeza mwana wanga atakhala pa mkeka ndi amayi ena, akupala mamba pa zikopa za nsomba za pende ndi supuni. Manja aja amene ndinkati adzagwira jakisoni anali ofiira ndi madzi a makungwa.

Atandiona sanathawe. Anagwada, nati ndimumvetsere kaye ndisanamtukwane. Anati nthawi iliyonse akaona magazi a munthu ku osipitale ankakomoka, mpaka aphunzitsi anamuuza kuti ntchito imeneyo si yake. Anaopa kutiuza chifukwa bambo ake anali atalengeza kale kutchalitchi kuti m'nyumba mwathu mukutuluka namwino.

Ndinamfunsa ngati m'Tete monse munasowa ntchito ina kuti azitola zonyansa. Anayankha kuti zonyansazo ndi zimene ogulitsa ankataya m'mbali mwa Zambezi, n'kumawolera pamene anthu amatunga madzi. Tsopano iwo amazitenga, amazitsuka, amaziviika m'makungwa a mthethe popanda mankhwala owononga madzi, ndipo zimasanduka chikopa cha nsapato ndi malamba.

Ine ndinati ndi bodza. Mkulu wa gulu la amayiwo, mayi wamasiye dzina lake Dona Carolina, anandipatsa kachikopa kouma nati nding'ambe. Ndinakoka ndi manja onse, ndinaluma ndi mano, koma sikanang'ambike. Ndinakanunkhiza, fungo la nsomba panalibe. Dona Carolina anandiuza kuti ambiri mwa amayiwo kale ankagona ndi njala, ena ankayendayenda m'mabara, koma lero ana awo ali pa shikola, ndipo amene amadula ndi kusoka bwino kuposa onse ndi Celina.

Sindinadziwe ngati ndilire kapena ndinyade. Ndinagona kwa Celina. M'mawa anandipatsa lamba wobiriwira woti ndikapatse bambo ake, nati ndikawauze zoona zonse.

Chifikireni kuno, zoonazo sindinawauzebe. Alamu anu a Felisberto mukuwadziwa mtima wawo, ndiponso BP yawo ija. Analanda lambayo m'manja mwanga ndisanayankhule. Lamlungu anamuvala ku misa, malaya atapisira mkati, akuuza aliyense kuti ndi chikopa cha ng'ona chimene mwana wawo namwino wawagulira. Amuna anzawo ankagwiragwira lambayo. Ine ndinali kumbali ya amayi, nkhope ili pansi.

Tsono pempho langa ndi ili. Bwerani fodya akangotha kugulitsidwa, tidzawauze tili awiri. Koma musabwere ndi ukali pa Celina. Ananama, inde, ndipo zikundiwawabe. Koma ndinamuona akuseka pa mkeka uja, ndipo ndinazindikira kuti kuyambira tsiku limene tinamutumiza ku Tete ndinali ndisanamumvepo akuseka.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa azakhali. Mulungu akusungeni pa njira. Ndipo mukafika, a Felisberto akakuonetsani lamba wawo, chonde musaseke. Muyamikire kaye lambayo.

Ine mlongo wanu,
Anabela