Tiko wagwera pamoto wa phala

Lolemba, 3 Febuluwale

Tiko wapsa. Mwana wanga Tikondane wapsa kusukulu. Mkono wamanja, kuyambira zala mpaka pachigongono. Ndili kuchipatala ku Ligowe, ndikulembera pabondo m'kope lake la Sitandade 2.

Ndinali kumunda, kubandira. Akuti aphunzitsi atsopano aja, a Rute, anamutuma kukatenga makapu kukhitchini ya phala. Ophika anali atapita ndi ndowa kumakalasi. Moto wokha ndi mwana wanga. Anakamupeza ndi a Rute omwewo, ataona kuti akuchedwa.

Anthu akuti anapunthwa pachikuni. Sanapunthwe. Ine ndikudziwa.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Khunyu. Ndalemba basi. Pakamwa sindinatchulepo.

Odziwa ndife ochepa. Ine, bambo ake ku Joni, adokotala, ndi Mayi Jailosi amene anamuphunzitsa chaka chatha. Ndinawagwadira mayiwo kuti asauze munthu. Ndinaona za mwana wa a Stefano. Atagwa pabwalo anzake ankamuthawa, ati malovu ake amapatsira. Sukulu anasiya.

Miyezi isanu Tiko osagwa. Ndinkati mapiritsi amuchiza.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Tabwerera kunyumba. Chilonda kukatsukitsa pakapita masiku awiri. Akulira akamavula bandeji, ine kuyang'ana kukhoma.

Kumjigo nkhani ndi imodzi. Kamtsikana ka ku koleji kawotcha mwana. Apongozi anga ndiwo ali patsogolo. "Kabwerere kwawo ku Blantyre, ana athu si antchito ake." Komiti ya sukulu yaitanitsa msonkhano Lolemba. Akufuna a Rute achotsedwe.

Ndinangosenza ndowa.

Loweruka, 8 Febuluwale

Mayi Jailosi anabwera. Mpando anaukana, anakhala pakhonde. Iwo ndiwo anapatsidwa a Rute kuti aziwaongolera chaka chino. Amakhala kumbuyo kwa kalasi, kuonerera, kenako n'kuwauza pomwe alakwitsa. Ana 130 m'chipinda chimodzi, opanda desiki.

Anati, "Mayi a Tiko, mtsikana uja ndinamuuza zonse. Wosamva bwino ndi uyu, muike kutsogolo. Wobwera ndi njala ndi uyu, ayambe kulandira phala. Chimodzi chokha ndinamubisira, chifukwa cha inu."

Eti a Rute anamutuma Tiko chifukwa ndi womvera. Inali ngati mphatso.

Lipoti lopita ku koleji amalemba ndi iwo. Komiti ikawachotsa a Rute, zaka zawo zonse za kukoleji zapita m'madzi. Anati lonjezo sadzaphwanya, koma pamsonkhano adzanena kuti wolakwa ndi iwo. Wolakwa bwanji, sadzafotokoza. Ndani angamve zimenezo?

Sanandipemphe kanthu. Bola akanandikalipira.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Mayo ine.

A Rute anandipeza kuseri kwa tchalitchi. Maso otupa. Kamwana ndithu, mwina ndine wamkulu. Anafunsa za mkono. Kenako motsitsa mawu, "Mankhwala a khunyu amamwa?"

Eti tsiku lija anaona zonse. Anamupeza akugwedezeka, thovu kukamwa. Anamukoka pamoto, n'kumugoneka chammbali, n'kumupukuta ndi chitenje chawo anthu asanafike. Sabata yonse akutukwanidwa, akudziwa!

Ndinati bwanji simunanene? Akuti tsiku loyamba Mayi Jailosi anawauza kuti za mwana wa munthu sizinenedwa pagulu, mwini wake ndiye anene.

Bambo a Tiko foni sakuyankha. Ndaimba kanayi.

Lolemba, 10 Febuluwale

Ndanena.

Pansi pa mtengo wa mango, makolo odzaza. Apongozi analankhula nthawi yaitali. Mayi Jailosi atayamba kudzuka, ndinapezeka ndaima ine. Mawu anatuluka ngati a munthu wina. Ndinati Tiko amadwala khunyu, ndinabisa ndine, ndinaletsa kunena ndine. Ndinati amene mukumuthamangitsayu ndi amene anamuchotsa pamoto.

Wina kumbuyo anati, "Ndiye ana athu akhala akudya naye?"

A Rute sachoka. Apongozi anadutsa pafupi nane osandiyang'ana.

Ndamugulitsa mwana wanga kodi?

Lolemba, 17 Febuluwale

Wabwerera kusukulu, mkono uli m'bandeji. Ndinamuperekeza, n'kubisala kuseri kwa zenera.

Atakhala pansi, anzake anasuntha. Uku ndi uku. M'kalasi yothinana ija, mwana wanga yekha pakati, simenti ikuoneka mbali zonse. Anaweramitsa mutu. Ndinafuna kulowa, ndimunyamule, tisabwerenso.

A Rute anasiya choko. Anadutsa pakati pa ana, n'kukhala pansi pomwepo, phewa kugundana ndi la Tiko. Siketi yoyera pafumbi. Anatsegula buku, n'kunena kuti lero tiwerengera pano, wofuna kuona zithunzi ayandikire.

Anayandikira atatu. Kenako ena. Ena ayi.

Tiko akuti mawa ndisamuperekeze.