Mkanjo wa Kwaya ya ku Biwi

Lolemba, 9 Juni 2008

Mafomu a digiri yachiwiri ndamaliza. Funso lachitatu: "Munaphunzira kuti?" Cholembera m'kamwa mpaka tiyi kuzizira. Ndilembe chiyani? Zaka zinayi pa kompyuta nambala 6, m'kefe ya intaneti kuseri kwa msika wa Kawale, fungo la chipisi likulowera pawindo. Sukulu yake ili kutsidya kwa nyanja. Aphunzitsi anga sindinawaonepo nkhope, ngakhale mmodzi. Masamu okha ndiwo enieni.

Lachinayi, 12 Juni

Envelopu akaponya ndi Abambo ku positi. Makina osokera anawavindikira m'mawa wonse, jekete anavala. Akuti kalata yotere siyotuma munthu wamba.

Chithunzi changa chija, nditavala mkanjo wa digiri yoyamba, chikadali pakhoma pabalaza. Aliyense wobwera kudzasoketsa amalowetsedwa: "Zipora wanga uyu, wa digiri ya masamu." Ine kuthawira kukhitchini.

Ndilembe pano kamodzi. Digiri inabwera pa positi, yopindika pangodya. Mwambo kunalibe. Mkanjo anandibwerekera mnzanga Atupele ku kwaya ya tchalitchi chawo ku Biwi. Chipewa n'cha katoni, cha pa situdiyo. Abambo ndinawauza kuti mwambo unali ku Blantyre, makolo osaloledwa. Miyezi isanu ndi itatu ndikuwapatsa moni ndi bodza limeneli m'kamwa.

Lachiwiri, 24 Juni

Andiyitana ku intavyu. Kuzizira koopsa. Ana a Fomu 3 amene ndimawaphunzitsa akuti lero ndimaseka ndekha pabolodi.

Lachitatu, 2 Julayi

Nthaka ikanang'ambika ndikanalowa.

Anthu atatu kuseri kwa tebulo. Atsegula fayilo yanga, pamwamba penipeni chithunzi chaching'ono cha mkanjo. Sindinayikemo ine. Mayi wa magalasi anachiyang'anitsitsa. "Sukulu yanuyi imaveka anthu mikanjo ya kwaya? Wotere ndimayimba nawo Lamulungu lililonse." Bambo wa kumanzere kuseka mpaka kutsokomola. Wachitatu sanaseke: "Ngati chithunzi chili chotere, satifiketiyi tiyikhulupirire bwanji?"

Ndinaulula zonse, ndi za katoni zomwe. 

Kenako mayi uja anandipatsa choko. Funso pabolodi. Choko chinathyoka kawiri. Ndinalemba mpaka pansi, ndinafufuta ndi dzanja, ndinapitiriza. Yankho linatuluka. Anangoti, "Tikulemberani."

M'minibasi ndinaphimba nkhope ndi chitenje ngati wodwala dzino.

Lachinayi, 3 Julayi

Abambo: "Chithunzi anachiona? Ndinayikamo cha m'chikwama changa, kuti akudziwe." Ndinati anachiona. Mkwiyo unandigwira, koma ndikwiyire ndani? Wabodza ndine.

Lolemba, 21 Julayi

Kalata yabwera. Anditenga. Ndiyamba Seputembala. Ndawerenga kasanu m'chimbudzi cha kusukulu. Chimwemwe chilipo, koma chikukanika kukhazikika. Abambo sindinawaonetse.

Lachiwiri, 22 Julayi

Abambo ndawauza madzulo pakhonde, akupinda mpendero wa siketi ya munthu. Kalata poyamba, bodza pambuyo. Maso anga pa zidutswa za nsalu pansi.

Makina anaima. Anatuma ine ndemwe kukatsitsa chithunzi pakhoma. Analoza kolala yachikasu ya mkanjo pachithunzipo ndi lumo.

"Iyi ndinasoka ndine. Mikanjo makumi atatu ya ku Biwi, uli Fomu 2. Msoko wanga ndingausowe?"

Ankadziwa. Kuyambira tsiku loyamba. Ndipo anakhoma msomali okha.

Ndinafunsa chifukwa. "Ndinkakuona ukuchokera kukefe kuja, maso ali psuu, zaka zinayi. Chobwereka pamenepa ndi nsalu yokha."

Ndinalira ngati mwana, anthu akudutsa mumsewu. Iwo osalabadira. Anachotsa tepi yoyezera m'khosi.

"Imirira. Tambasula manja. Mkanjo wa ulendo uno usakabwereke."

Mapewa 15. Nambalayo anailemba ndi choko kuseri kwa chithunzi.