Mjigo wa nambala 7

Lolemba, 12 Ogasiti 2024
Tafika ku Kamwendo ndi ophunzira anga anayi a chaka chomaliza. Tiyeza madzi a m'mijigo khumi ndi iwiri, yomwe ija ndinayeza ine mu 2011. Pepala la kafukufuku limene ndinalemba nthawi imeneyo ndi limene linandilowetsa ntchito ku yunivesite. Fumbi lokhalokha, mutu ukuwawa.

Lachiwiri, 13 Ogasiti
Esitere, mmodzi wa ophunzirawa, wabwera ndi zotsatira zachilendo za mjigo 7. Akuti fuloraidi, mchere uja umawononga mano ndi mafupa, wapitirira muyezo katatu. Ine ndinalemba kuti madzi amenewo ndi abwino. Ndamuuza pamaso pa anzake kuti sanatsuke botolo. Wangotseka kope lake.

Lachitatu, 14 Ogasiti
Esitere sanadye nafe.

Lachinayi, 15 Ogasiti
Vitus, mnzake wa m'kalasi, wandinong'oneza kuti Esitere anabwerera ku mjigo uja dzulo pa kabaza, nayeza kawiri ndi mabotolo atsopano. Nambala yomweyo. Akuti akuopa kundionetsa chifukwa ndine wodzachonga projekiti yake.

Lachisanu, 16 Ogasiti
Ndapitako ndekha m'mawa. Ndayeza katatu. Mwanayu sanalakwitse.

Ana anali pamzere ndi zigubu, akundiseka ndi timabotolo tanga. Mano ofiirira pafupifupi onse. Mayi Anasi, a komiti ya mjigo, andizindikira. Akuti ndine dokotala uja ndinawauza kuti azimwa osaopa. Andipatsa mtedza.

Pobwera ndatsegula kope langa lakale. Tsamba 41: nambala yokwera ngati ya Esitere, yokhwatchidwa ndi cholembera chofiira. Pambali, zolemba za dzanja langa: "makina avuta." Ndikukumbukira tsopano. Nthawi inali itanditherapo, ndipo sindinabwerereko.

Zaka khumi ndi zitatu.

Loweruka, 17 Ogasiti
Ndaitana onse anayi, ndawaonetsa tsambalo. Ndapepesa Esitere pomwe paja ndinamunyozera. Ndawauza kuti ndilembera a magazini imene inasindikiza pepala langa kuti linali ndi cholakwa, ndi a zamadzi ku Boma Lolemba. Za kukwezedwa pantchito chaka chino, kaya.

Esitere anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Kenako anati, "Madamu, nanga amene akutunga lerowa?"

 Tinakwera galimoto kupita ku mjigo 7.

Tinapeza Mayi Anasi akupopa, ndowa ili pakati. Anandimwetulira. Esitere anandikhudza pamkono.

"Mayi," ndinatero, "tayambani mwasiya kupopa. Ndinakuuzani zolakwika."

Anasiya chogwirira, madzi n'kuleka kutuluka.