Tsiku Limene a Simioni Anandimvera

Nkhudzi, Mangochi
18 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali Mwanamvua,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ndili nayo. Ndayesa kawiri kukuimbirani koma kawiri konse ndadula foni isanalire.

Mukudziwa kuti pabwalo la gofu la kuloji kuja sindingonyamula zikwama za ndodo, alendo ena ndimawaphunzitsanso kumenya kampira kake. Mmodzi ndi a Simioni, bambo wopuma ntchito m'boma, makani ngati mbuzi yokana chingwe. Miyezi isanu ndakhala ndikuwauza chinthu chimodzi. Ndodo ikafika pamwamba, chiuno ndicho chiyambe kutembenuka, manja atsatire, ndipo mfundo za manja, pomangira wotchi paja, zikhalebe zopinda mpaka manja afike pantchafu. Apo ndiye uzimasule, ndodo ikwapule yokha. Koma iwo ayi, amamasulira pamwamba pomwe ngati akuwaza nkhuni, mphamvu yonse n'kuthera m'malere. Kampira kamangodumpha pang'ono n'kugwa. Tinkawaseka kumbali, woyambitsa ndili ine.

Kuntchito kwathu kuli lamulo lakuti mlendo asanamenye, wonyamula chikwama apite kutsogolo akachotse aliyense. Lachiwiri m'mawa, pa dzenje lachinayi mwa maenje ogwetseramo kampira, tinapeza amayi Mariya, amene amazula udzu pabwalopo, atawerama pafupi ndi mlambe. Nditawayandikira ndinapeza atayamba kale kutola kakhasu ndi thumba lawo kuti apatuke. Ine ndi kamwa langali ndinati, "Khalani mayi, musavutike. Awa kuno sangafike, ngakhale mwera uwathandize." Anaseka n'kuweramanso. Panalibe wina anamva.

Achemwali, tsiku limenelo ndi limene a Simioni anandimvera. Ndinaona chiuno chikutsogola, manja akutsika ali opinda bwinobwino, ndipo ndisabise, mtima wanga unakondwa. Ndodo inalira mwa mtundu wina. Pamene ndimakuwa n'kuti kampira katafika kale. Kanawapeza amayi Mariya pamwamba pa khutu, anagwa chafufumimba osalira n'komwe.

Tinathamangira nawo kuchipatala ku boma pagalimoto ya a Simioni, mutu wawo uli pamiyendo panga. Madzulo abwana a loji atandifunsa, ndinati ndinawachotsa koma anabwerera okha. Bodzalo linatuluka mosavuta moti ndinadzidabwa. Abwana analemba, ndipo mwana wamkazi wa amayi Mariya anandigwira dzanja kundithokoza poti ndine ndinawanyamula.

Masiku atatu amayi Mariya akhala osatsitsimuka. Ndili ndi mantha, achemwali. Si ntchito yokha kapena apolisi. Ndikamaswali ndimapempha Allah kuti mayiwa adzuke, koma pakati pa duwa, pemphero lomwelo, kamtima kena kamandikumbutsa kuti akadzuka anena. Ndiye ndimadzifunsa kuti kodi ndikupempha chiyani kwenikweni, ndipo yankho lake ndimaliopa. Dzulo mlendo wina anati ndimuonetse katsitsidwe ka ndodo. Manja anga anafika pantchafu n'kukana kumasuka, ndinangoima pamenepo thukuta lili kamukamu, ndinanamizira malungo.

Lero tikutuluka mumzikiti mwana wa amayi Mariya uja waimba foni, akusangalala. Akuti atsegula maso. Kulankhula kukuvutabe, koma atchula dzina langa kawiri, ndiye iye akuganiza kuti akufuna kundithokoza. Abwana amva, ati tikwere limodzi galimoto ya loji tikawaone, tinyamuka ikakwana folo.

Kalatayi ndimpatsa Jaffalie, mnzanga amene akwera basi ya ku Joni mawa. Ikamakufikani zonse zidzakhala zitachitika. Amayi athu sindinawauze, mukudziwa za matenda awo a mtima. Mukawaimbire ndinu, chonde, asamvere kwa anthu a pamsika wa nsomba, ndipo musandikometsere nkhani.

Mundiperekere moni kwa alamu. Ana muwauze kuti amalume awo amawakumbuka, ndipo akafunsa za timipira ndinawalonjeza tija, muwauze kuti sitibwera. Inu mundipempherere chinthu chimodzi chokha, kuti ndikafika pabedi paja, abwana ali pomwepo, ndikathe kutsegula pakamwa amayi Mariya asanatsegule pawo.

Ndine mlongo wanu,
Sefu