Kachipewa ka pa W

Lolemba, 24 Novembala 2003
Kusukulu ya m'dera ku Mtendere. Kompyuta imodzi, mipando iŵiri: wanga ndi wa Mayi Virginia, aphunzitsi aakulu. Pulogalamu imene ndinawalembera yosindikiza malipoti a ana yasokonezeka. Malikisi a kuŵerenga akutuluka ofanana ndi a kuŵeta nkhuku. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Ine zaka 51, mtima phaphapha ngati wa mwana wa Giredi 7.

Lachiŵiri, 25
Ndasita shati yabuluu, ija ndinkavala kukampani isanagulitsidwe. Chimwalirire mkazi wanga Elesi inali m'sutikesi. Vuto sindinalipeze. Sindinalifunefunenso kwenikweni. Mayi Virginia anabwera ndi vitumbuwa. "Ba Edwell, muzafa na njala pa mashini apa."

Lachitatu, 26
Ndalipeza. Phunziro lililonse ndinalipatsa kadzina koimira malamulo angapo, makiro. Maina ndinalemba m'Chicheŵa, ŵ ndi kachipewa kake, monga ankafunira Atate. Iwo akalembera kwawo ku Dedza, kalata yosoŵa kachipewa ankaing'amba. Koma chida chomangira pulogalamu chimadziŵa kuti chilembo ndi baiti imodzi, pamene ŵ ndi mabaiti aŵiri. Chikafika pamenepo chimadula dzina. KUŴERENGA ndi KUŴETA onse asanduka KU, wachiŵiri n'kufufuta woyamba. Kukonza kwake mphindi zisanu.
Sindinanene. Ntchito ikatha ndizidzabwera kudzatani?

Lachisanu, 28
Masiku aŵiri ndikukwinya nkhope pa sikirini ngati dokotala. Shati yoyera, kenako yamizere. Tinakamba za mabasi akale, za mango a ku Matero kumene anakulira. Pobwerera ndinaimba mumsewu. Mayi wogulitsa malasha anandiyang'ana kaŵiri.

Lolemba, 1 Disembala
Makolo adzatenga malipoti Lachinayi. Ana 214. Manyazi andigwira m'minibasi. Nditafika ndinaulula ndili chiimire, chipewa m'manja, ngati wobwera kudzapepesa mlandu wa mbuzi.
Mayi Virginia anatsegula kabati. Malipoti onse osindikizidwa kale, omangidwa ndi mphira, kalasi ndi kalasi.
"Ninakopela pa disiketi, nachosako tuvisote twanu. Pa Chibili paja, mwamene munayenda."
Tsiku limodzi ine ndisanapeze!
"Nenze kufuna kuona muli na mashati angati."
Ndinati anayi. Anati aona atatu.

Loŵeruka, 6 Disembala
Maŵa tikaŵeruka kutchalitchi, Mayi Virginia anditengera kunyumba kwa alongo awo aakulu, Ba Mukupa, ku Kalingalinga, kuti ndikaonekere. Akuti amafunsa mafunso ambiri, ndiyankhe pang'onopang'ono. M'pulogalamu ndasiya w wopanda chipewa, Atate andikhululukire. M'buku lino ayi.
Shati yachinayi ili ndi bowo la ndudu pathumba, la mu 1994. Taonga, mwana wanga, akuti ndivale jekete. Kutentha konseku. Ndivala.